Kumene mungapeze anzanu amene akusiya mowa

Bala imakhala ndi chikwangwani, shabini imadziwika ndi phokoso la wailesi, ndipo kumene akutcheza kachasu ngakhale mwana akhoza kukulozerani. Gulu la anthu amene akulimbana ndi kusiya mowa silikhoma chikwangwani. Limakumana mwakachetechete m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, m'kalasi ana akaweruka, kapena pakhonde la chipatala, moti munthu akhoza kudutsa pakhomo pake chaka chathunthu osadziwa. Kuno kwathu magulu otere ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda, ndipo malo ndi nthawi zokumanira zimasinthasintha. Choncho kuwapeza kumadzera mwa anthu: mufunsa uyu, iye akutumizani kwa uja, mpaka mutafika. Malangizo awa ndi anu amene mwatopa nawo mowa, komanso inu amene mukufufuzira mwamuna wanu, mkazi wanu, mwana wanu kapena mlongo wanu.

1. Musanafufuze gulu, dzerani kuchipatala

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, koma ndi pamene pali imfa. Ngati mwakhala mukumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka, moti m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalandira kaye kochotsera matsire, musasiye mwadzidzidzi muli nokha m'nyumba. Thupi limene lazolowera mowa likausowa limapanduka. Pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, kumayamba kunjenjemera, thukuta, mseru, mtima kuthamanga ndi kusowa tulo. Ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu, kawirikawiri m'masiku awiri oyamba. Choopsa kwambiri chimabwera cha pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu: mutu kusokonekera, kubwebweta, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, thupi kutentha. Achipatala amati delirium tremens, ndipo munthu akapanda kuthandizidwa ikhoza kumupha. Kumudzi zikatere anthu amafulumira kunena kuti walodzedwa kapena malungo akwera kumutu, n'kutaya tsiku lonse akuzungulira kwina.

Tengani buku lanu la kuchipatala, mupite m'mawa. Mukalowa kwa adokotala nenani zoona zokhazokha: mumamwa chiyani, mabotolo angati, kuyambira nthawi yanji, ndipo munayamba mwagwapo kapena ayi mutayesa kusiya. Chizolowezi chathu chonena kuti "ndimangolawa pang'ono" chikupweteketsani, chifukwa mankhwala amene apereke akutengera yankho lanulo. Nthawi zambiri amapereka diazepam wa masiku ochepa kuti thupi litsike bwinobwino, ndi vitamini B1 woteteza ubongo, ena amawagoneka. Diazepam ameneyu musakagule nokha pamsika kapena kupempha kwa mnzanu. Akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, ndiponso naye amazolowereka. Muwauzenso ngati muli pa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP kapena a khunyu, komanso ngati ndinu oyembekezera.

Musanatuluke m'chipindamo, funsani mafunso awiri. Loyamba: "Kodi pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana pano kapena m'tauni muno?" Akati sakudziwa, musanyamuke. Funsani lachiwiri, limene ndi lofunika kuposa loyambalo: "Nanga ndani angadziwe?" Lembani dzina la ofesi kapena nambala imene akupatseni. Mafunso awiri amenewa muyenda nawo khomo lililonse.

2. Gogodani kwa anthu amene amakumana ndi vutoli pa ntchito yawo

Zipatala zambiri za pa boma zili ndi namwino wa matenda a maganizo, ndipo pamakhala tsiku la kiliniki yake. Anthu amati ndi "kwa amisala", ndiye ambiri amaopa kuonedwa pamzere umenewo. Pirirani, chifukwa nkhani za mowa ndi chamba amaziona komweko, ndipo namwino ameneyu ndi amene amadziwa odwala ake akale amene anasiya ndi kumene amakumana.

Ku Blantyre funsani ku kiliniki ya matenda a maganizo ya ku Queen Elizabeth Central Hospital. Ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, amene ali ndi pulogalamu yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Si chipatala cha boma, ndiye funsiranitu za malipiro, koma kufunsa kumene anthu amene anamaliza pulogalamuyo amakumana sikulira ndalama. Mwa makomo onse, awa a malo osiyitsa mowa ndi amene ndimawadalira kwambiri, chifukwa munthu akatuluka kumeneko amafunika pokhalira ndi anzake, ndipo alangizi ake amayenera kudziwa kumene angamutumize.

Pali mabungwenso. Drug Fight Malawi, ya ku Lilongwe, yakhala ikulimbana ndi nkhani za mowa kwa zaka zambiri. MeHUCA ndi bungwe la anthu amene anadwalapo matenda a maganizo pamodzi ndi owasamalira, ndipo ntchito yake ndi magulu othandizana. A YONECO ku Zomba ali ndi nambala yaulere ya nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, 6600, ndipo Chipatala cha pa Foni chimapezeka pa 929. Ku Lusaka yambirani ku Chainama Hills Hospital kapena ku bungwe la SHARPZ.

Ngati muli kumudzi, yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma. Musaiwalenso a ku kiliniki ya ma ARV. Magulu a sapoti a anthu amene ali ndi HIV, monga a NAPHAM, akhala akukumana m'midzi mwathu kuyambira kale, ndipo atsogoleri ake amadziwa kusunga chinsinsi, amadziwa malo okumanirapo, amadziwanso mamembala awo amene mowa ukuwalepheretsa kumwa mankhwala.

3. Funsani ku tchalitchi ndi ku mzikiti, koma funsani bwino

Gulu lodziwika kwambiri padziko lonse, Alcoholics Anonymous kapena kuti AA, linayamba ndi munthu amene ankachita zomwe mukuchitazi. Mu Meyi 1935 Bill Wilson wa ku New York anali mu mzinda wa Akron, ku Ohio, malonda amene anapitira atakanika. Anali atatha miyezi isanu osamwa, ndipo chibaba chinamugwira ali mu hotela ya Mayflower, bala ili poteropo. M'malo molowa mu balamo anayang'ana ndandanda ya matchalitchi imene inali pamalo olandirira alendo, n'kuimbira mbusa wina, Walter Tunks. Mbusayo anamupatsa mayina a anthu ena. Bill anaimba, anaimba, mpaka anapeza mayi Henrietta Seiberling, amene anamukumanitsa ndi dokotala wochita maopaleshoni, Bob Smith, chidakwa chotheratu. Dokotalayo anavomera kucheza naye mphindi 15 zokha, koma anacheza maola ambiri. A AA amati Bob Smith anamwa komaliza pa 10 Juni 1935, ndipo tsiku limenelo ndilo amaliwerenga ngati tsiku lobadwa gulu lawo.

Taonani chimene Bill Wilson anapempha kwa mbusa uja. Sanapemphe ulaliki. Anapempha kuti amupezere chidakwa chinzake choti alankhule nacho, kuti iyeyo asamwe tsiku limenelo. Inunso mukapita kwa abusa, kwa bambo mfumu, kwa akatekisiti kapena kwa ashehe, funso lanu likhale lolunjika: "Kodi pali gulu la osiya mowa limene limabwereka holo kapena kalasi pano? Kodi mukudziwa munthu amene anali chidakwa koma anasiya, woti ndikhoza kucheza naye?" Mukangoti "ndili ndi vuto la mowa", akupemphererani n'kukuuzani kuti muzibwera ku mapemphero a Lachitatu. Pemphero si loipa, ndipo ambiri amene anasiya amati linawathandiza. Koma chibaba chimabwera Lachisanu cha m'ma 5 koloko madzulo, malipiro ali m'thumba, ndipo nthawi imeneyo mumafunika munthu woti akayankha foni asadabwe, asakudzudzuleni, chifukwa nayenso anadutsamo.

Kachinsinsi kena: mlonda wa pa parishi kapena amene amasunga makiyi a holo amadziwa magulu onse amene amakumana pamalopo, nthawi zina kuposa abusa amene.

4. Gwiritsani ntchito foni

Pa intaneti fufuzani m'Chingerezi, chifukwa ndandanda zake zinalembedwa m'Chingerezi. Lembani "AA meetings" kapena "Alcoholics Anonymous" n'kuwonjezera dzina la mzinda wanu. Chimene mupeze musachikhulupirire msanga. Ndandanda za pa intaneti zimakalamba: gulu linasamuka, amene ankatsegula chitseko anapita ku Joni, nambala inasiya kugwira. Imbani kaye musanawononge ndalama ya minibasi. Nambala ikapanda kuyankhidwa tumizani uthenga, muyesenso madzulo, chifukwa amene amayankha ndi anthu ongodzipereka amene masana ali ku ntchito zawo.

Tsamba la aa.org lili ndi ndandanda ya maofesi a AA m'mayiko osiyanasiyana. Palinso apu ya Meeting Guide, imene imaonetsa misonkhano ya kufupi ndi kumene muli, koma imangodziwa misonkhano imene maofesi a AA anatumiza. Ikapanda kuonetsa kanthu sizitanthauza kuti kwanuko kulibe gulu.

Amene muli ku South Africa muli ndi mwayi, chifukwa kumeneko AA inakhazikika kuyambira m'ma 1940 ndipo ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Cape Town misonkhano imachitika tsiku lililonse. Nambala yawo ya dziko lonse ndi 0861 435 722. Kuli SANCA, bungwe lakale la nkhani za mowa lomwe lili ndi makiliniki m'mizinda yambiri, komanso nambala yaulere ya boma ya nkhani za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, 0800 12 13 14. Ku Britain nambala yaulere ya AA ndi 0800 917 7650, ndipo dokotala wanu wa m'dera, amene amati GP, akhoza kukutumizani kwa othandiza za mowa a m'dera lanu. Abale amene mapepala anu sali bwino, mvetsani ichi: pa msonkhano wa AA safunsa pasipoti, safunsa chitupa, salemba mayina m'kaundula. Dzina loyamba ndi lokwanira.

Misonkhano ya pa Zoom ndiyo yapulumutsa anthu okhala kutali. Tsamba la aa-intergroup.org lili ndi misonkhano ya pa intaneti usana ndi usiku, ndipo smartrecovery.org, tsamba la gulu lina lotchedwa SMART Recovery, lili ndi yake. Yambani ndi ya ku South Africa, chifukwa nthawi yawo ndi yathu ndi imodzi, chimodzimodzi Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique. Ya ku London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Zimitsani kamera kuti bandulo isathe msanga, sinthani dzina looneka pa sikirini likhale loyamba lokha, valani mahedifoni. Chingerezi chikamathamanga musadandaule, kungomvera n'kololedwa. Koma ndinene mosabisa: Zoom siyikuperekezani kunyumba, siyikuonani m'maso kuti mwamwa. Ngati pali anthu atatu okha amene amakumana pansi pa mtengo mtunda woyenda pansi kuchokera kwanu, amenewo ndiwo gulu lanu lenileni, la pa foni likhale lowonjezera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

5. Dziwani mtundu wa gulu limene mwapeza

AA ili ndi lamulo limodzi lolowera: kufuna kusiya kumwa. Palibe ndalama yolembetsa. Imatsata masitepe 12, amene amayamba ndi kuvomera kuti mowa wakugonjetsani, n'kupitirira ku kudzifufuza, kupepesa ndi kubweza kwa amene munawalakwira, mpaka kuthandiza ena. Amatchula Mulungu, koma amati monga mwa kumvetsa kwa munthu aliyense, ndipo si mpingo. Mkatolika, wa CCAP, Msilamu ndi wosapemphera amakhala pa benchi imodzi. Pa ndandanda muona mawu awiri. Msonkhano wa "open" aliyense akhoza kulowa, ngakhale mkazi wanu, mbusa kapena namwino. Wa "closed" ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa.

SMART Recovery inayamba mu 1994. Satchula za Mulungu, salimbikitsa kudzitcha chidakwa, ndipo misonkhano yake imakhala ngati kuphunzitsana njira zogonjetsera chibaba ndi kusintha maganizo amene amakankhira munthu ku botolo. Celebrate Recovery, imene inayamba mu 1991 pa tchalitchi cha Saddleback ku California, ndi yachikhristu poyera ndipo imakumana m'matchalitchi. Narcotics Anonymous ndi ya mankhwala ozunguza bongo, koma iwo amawerenga mowa ngati amodzi mwa mankhwalawo, choncho ngati ndi gulu lokhalo limene lilipo kwanuko, lowani.

Kodi zimathandizadi? Mu 2020 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 27 wokhudza anthu 10,565. Linapeza kuti mwa anthu amene achipatala anawalowetsa mu AA mwadongosolo, 42 pa 100 alionse anali asanamwenso patatha chaka, poyerekeza ndi 35 pa 100 mwa amene analandira uphungu wa mitundu ina. Manambalawa akunena zinthu ziwiri. Gulu limathandiza, mwinanso kuposa njira zodula. Komanso oposa theka anamwanso chaka chisanathe, ndiye amene angakulonjezeni kuti kwa iye aliyense amachira akukunamizani.

6. Tsiku loyamba

Poimba foni funsani tsiku, nthawi, khomo lenileni lolowera, chilankhulo chimene amagwiritsa ntchito, komanso ngati wina angakuchingamireni pageti. Pempho lomalizali amalilandira ndi manja awiri, musachite nalo manyazi. Anthu ambiri amafika pageti n'kubwerera.

Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane. Yesetsani kupita musanamwe, koma ngati mwalawa ndipo simukusokoneza, pitanibe, mukakhale chete. Msonkhano umatenga ola limodzi, nthawi zina ola ndi theka. Wotsogolera, amene naye ndi chidakwa chosiya, amatsegula ndi kuwerenga pang'ono, kenako amafunsa ngati pali mlendo. Mukhoza kungotchula dzina loyamba. Ena amati, "Dzina langa ndine uje, ndine chidakwa," koma palibe amene akukakamizeni kutero. Ikafika nthawi yanu yolankhula ndipo pakamwa pauma, nenani kuti, "Lero ndangobwera kudzamvera." Basi.

Chimene chimadabwitsa alendo n'chakuti munthu akamalankhula palibe womudula, ndipo akamaliza palibe womulangiza. Si bwalo la ankhoswe. Aliyense amanena za iye mwini: ndinkabisa botolo mu thumba la chimanga, ndinagulitsa feteleza wa makuponi, ndinadzuka m'ngalande. Muona anthu akuseka nkhani zoti kwina kulikonse zikanakhala zolira. Musamafufuze kusiyana kwanu ndi iwo, kuti ine sindinafike pogona m'ngalande, ine ndimamwa wa m'mabotolo osati kachasu. Mverani pamene mukufanana.

Kumapeto kumayenda kambale ka chopereka cholipirira chipinda ndi tiyi. Mlendo sayembekezeredwa kuponya kanthu. Akatseka musathamangire kunja. Mphindi khumi za pambuyo pa msonkhano ndi zimene munabwerera: tengani manambala a anthu awiri kapena atatu amene atha nthawi osamwa, abambo kwa abambo, amayi kwa amayi. Mawa lake imbirani mmodzi, ngakhale mulibe chonena, kuti chala chizolowere nambalayo tsiku loipa lisanafike. Pakapita masabata, mudzasankha mmodzi woti aziyenda nanu pafupi, amene amamutcha sponsor. Si bwana wanu, si wokupatsani ndalama, ndipo mukhoza kumusintha.

Nanga mukapezako munthu wokudziwani, mphunzitsi wa mwana wanu kapena mkulu wa mpingo? Nayenso wabwerera chomwecho, ndipo chinsinsi chanu ndi chake zamangidwa pamodzi.

7. Liyeseni gululo

Musaweruze ndi tsiku limodzi. Pitani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo ngati pali magulu angapo, yendani monse, chifukwa lililonse lili ndi khalidwe lake. Koma pali zizindikiro zoti mukaziona musabwererenso. Akakuuzani kuti musiye ma ARV, mankhwala a khunyu kapena a matenda a maganizo poti "mwachira", chokani. AA yeniyeni sichita udokotala. Akafuna ndalama yolembetsa kapena kukugulitsani mankhwala a zitsamba osiyitsa mowa, chokani. Akamajambula zithunzi zoika pa Facebook kapena zotumiza kwa ma dona, akamatulutsa kunja nkhani za m'gulu, akamamanga anthu maunyolo, kuwamenya kapena kuwasalitsa kudya mokakamiza, kumeneko si kothandizana. Amayi, mwamuna wa m'gulu akayamba kukuimbirani usiku kapena kufuna kukuperekezani yekha, uzani mayi mnzanu wakale m'gululo. Zoterezi zimachitika, ndipo gulu labwino silizisekerera. Za ngongole nazo, musakongoze ndipo musakongole.

Gulu la pa WhatsApp ndi lothandiza pokumbutsana nthawi, koma aliyense amaona nambala ndi chithunzi chanu, ndipo uthenga umatha kujambulidwa n'kutumizidwa kwina. Zakuya muzikanena pamaso.

8. Ikani msonkhano pamene pali dzenje

A AA kunja amalangiza mlendo kupita ku misonkhano 90 m'masiku 90. Kwa munthu wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje, ngakhale wa ku Ndirande amene gulu lake limakumana kamodzi pa sabata, zimenezo sizingatheke ndi miyendo. Tengani cholinga chake: tsiku lisadutse musanalankhule ndi mnzanu wosiya mowa. Lero msonkhano wa pamaso, mawa wa pa Zoom, mkuja foni ya mphindi zisanu.

Khalani pansi mulembe nthawi zanu zoopsa. Kwa ambiri ndi tsiku la malipiro, Lachisanu madzulo, tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers ndipo TV ili ku bala, usiku wa pa maliro, ukwati, kapena nyengo yogulitsa fodya ndi soya. Misonkhano ndi mafoni anu muziike pa nthawi zimenezo. Popita ku msonkhano nyamulani ndalama ya thiransipoti yokha, ndipo ngati njira yachidule imadutsa pa shabini yanu yakale pamene anzanu amakuitanani ndi dzina, zungulirani.

Mukaterereka n'kumwa, pitani ku msonkhano wotsatira, mukanene. Manyazi adzakuuzani kuti mudikire kaye mukhale bwino. Ambiri amene anadikira sanabwerere. Ngati mwamwa kwambiri masiku angapo motsatizana, yambiraninso kuchipatala. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akubwerani, musadikire tsiku la gulu: uzani munthu lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.

Mawu awiri kwa achibale. Mukhoza kufufuza gulu, kupeza nambala, kuperekeza munthu ku msonkhano wa "open", koma simungamusiyire mowa. Mankhwala othira mobisa m'chakudya kapena mu mowa wake musayerekeze, mukhoza kumupha. Inuyo muli ndi gulu lanu, Al-Anon, limene linakhazikitsidwa mu 1951 ndi Lois Wilson, mkazi wa Bill uja, pamodzi ndi mnzake, ndipo nalo lili ndi misonkhano ya pa intaneti. Mukhoza kulowa ngakhale mwini wakeyo akumwabe.

9. Ngati kwanuko kulibe, yambitsani

Mwambo wa AA umati zidakwa ziwiri kapena zitatu zikakumana n'cholinga chosiya mowa zikhoza kudzitcha gulu la AA, bola gululo lisakhale nthambi ya bungwe lina. Simufunika satifiketi kapena chilolezo chochokera ku likulu. Chofunika ndi munthu wachiwiri. Siyani nambala yanu kwa namwino uja, kwa abusa ndi kwa mlangizi wa zaumoyo, muwauze kuti akapeza wina wofuna kusiya amupatse. Iwo sangakupatseni mayina a odwala awo, koma nambala yanu akhoza kupereka. Ndi bwino kuti mmodzi mwa inu akhale atatha miyezi ingapo osamwa ndipo akulowa misonkhano ya pa foni, kuti pakhale wodziwa kayendetsedwe kake.

Malo akhale a pagulu koma obisika pang'ono: kalasi, kachipinda ka pa tchalitchi, khonde la chipatala madzulo. Pakhomo pa munthu pamavuta, chifukwa mwini nyumba akadzamwa gulu limathera pomwepo. Kumudzi adziwitseni amfumu kuti anthu asayambe kunena zina, koma mayina a obwera musapereke. Sankhani tsiku limodzi ndi nthawi imodzi, osasinthasintha, ndipo chitseko chizitsegulidwa ngakhale mvula igwe, ngakhale mubwere nokha masabata atatu otsatizana. Munthu amene wakhala mwezi wathunthu akulimba mtima kuti abwere akapeza chitseko chotseka sabweranso.

Dongosolo lake lisakhale lalitali. Tsegulani ndi kanthawi kachete kapena pemphero lalifupi limene onse angalivomere. Kumbutsanani kuti zonenedwa pano zitsala pano. Werengani kachigawo ka mabuku a AA, amene ena amawerengeka mwaulere pa aa.org, wodziwa Chingerezi amasulire anzake. Kenako aliyense alankhule mphindi zitatu kapena zisanu za iye mwini, ndipo ola likakwana tsekani. Lemberani ofesi ya AA ya ku South Africa kapena General Service Office ya ku New York kuwadziwitsa za gulu lanu ndi kupempha malangizo. Ofesi ya ku New York ilinso ndi dongosolo lolemberana makalata la anthu okhala kumene kulibe gulu.

Chimene chimapha timagulu tathu tambiri ndi ndalama ndi maudindo. Mwezi wachiwiri wina adzati tilembe malamulo, tisankhe tcheyamani, tilembe pulopozo kuti mabungwe atithandize. Wina adzati tiyambe banki m'khonde. Kanani. AA imakana dala thandizo la ndalama lochokera kunja kwa mamembala ake, ndipo ndikuona kuti kuno kwathu lamulo limeneli ndi lofunika koposa: pakangomveka kuti kuli alawansi, chipinda chidzadzaza ndi anthu amene sanabwerere kusiya mowa, ndipo wobweza ngongole mochedwa adzayamba kujomba. Za m'kambale zikhale zogulira shuga ndi masamba a tiyi, zilembedwe m'kope, ziwerengedwe pamaso pa onse. Kutsogolera msonkhano ndi kusunga kiyi kuzizungulira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse.

Tsiku lina wina adzabwera ataledzera. Ngati wakhala phee, musiyeni amvere, koma tsiku limenelo asalankhule. Akayamba kulongolola, anthu awiri atuluke naye panja, acheze naye, aonetsetse kuti wafika kunyumba, ndipo amuuze tsiku ndi nthawi ya msonkhano wotsatira. Akamanjenjemera kwambiri, kusanza kosalekeza kapena kulankhula zosamveka, msonkhano uime kaye, mupeze kabaza kapena galimoto, mupite naye kuchipatala.